Munda Wanu Tinauumba Njerwa

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji uko muliko?

Ife kuno tilipo. Mvula yoyamba yagwa sabata yathayi, tiyi waphukira, mapiri onse abiriwira monga munkawaonera. Ndakhala nthawi yaitali osakulemberani. Sikuti ndinakuiwalani ayi, koma nkhani imene ndili nayo ndinkasowa poiyambira. Ndiyamba ndi zing'onozing'ono kuti dzanja lizolowere.

Janeti, chitsirizira wanu, anabereka mwana wamkazi nthawi ya chiperoni. Tinamupatsa dzina lanu. Pakhomo pano palibe amene amamutchula dzinalo, tonse timangoti "amayi". Akalira usana, Janeti amati, "Pepani amayi, ndachedwa kumadzi." Ali ndi chipumi chanu ndiponso kuyang'ana kwanu kuja kwa m'mbali, kumene munkatiyang'ana nako tikanama.

Nthochi za kuseri kwa nyumba zinagwidwa ndi matenda a chisaka, alangizi anati tizule zonse, tinazula. Nandolo anabereka bwino koma mavenda anatigula ngati akutithandiza kutaya zinyalala. Denga la khitchini likudontha pomwe paja. Ndaikapo pepala la pulasitiki, ndatsindira ndi miyala, koma mphepo ikawomba ndimatuluka kukaona ngati lilipobe.

Kuesiteti ndikugwirabe. Anabweretsa kamakina koti m'mawa aliyense aziikapo chala kuti adziwike kuti wabwera ku ntchito. Chala changa kamakana. Mukudziwa mmene tiyi amadyera zala, mizere yonse inafufutika kalekale. Ndimayesa ichi, kakana. Ndinyambita, ndipukuta pachitenje, kakanabe, mzere wa anthu uli mbuu kumbuyo kwanga. Akapitawo amaseka, amati, "Amake Tadala, makinawa akuti inu kulibe, munamwalira chaka chatha." Ndimaseka nawo, nanga nditani, koma ndikudziwa kuti tsiku limene kadzakaniretu ndidzathyola tiyi tsiku lonse ngati munthu amene sanabwere.

Tsopano ndinene za munda wanu wa kumsewu.

Simunauiwale, ndikudziwa. Munda umene agogo anapatsidwa atawoloka kuchokera ku Mozambiki, umene unatsala wokha pakati pa msewu ndi malire a esiteti. Pakati pake panali mtengo wa mapeyala, ndipo chaka chilichonse kalongonda wanu, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse kuti ululu uchoke, ankayanga mpaka kunsonga. Mukudwala munatiitana tonse, ine, Janeti ndi achimwene a Bonifasi, munanena kuti mundawo udzakhala wa Tadala, mwana wanga, poti ndiye mdzukulu wamkazi woyamba. Munati, "Mwamuna amapita kukakwatira kwina, dothi limatsala ndi mkazi." Munanena m'Chilomwe, ine ndalemba m'Chichewa chifukwa Chilomwe sindidziwa kuchilemba.

Amayi, mundawo kulibe. Ndikufotokozerani mwadongosolo mmene zinayendera, musandidule.

Tadala anakhoza mayeso a Fomu 4. Mukanaona chimwemwe chake! Anayenda ku Luchenza, anayenda ku boma, anafika mpaka ku Limbe kufuna ntchito. Kulikonse funso linali limodzi: "Kompyuta umaidziwa?" Mwana anali asanaigwirepo n'kamodzi komwe. Kusukulu kwawo ankaijambula pabolodi ndi choko. Ankabwera madzulo fumbi lili m'miyendo, n'kukhala pakhonde.

Chaka cha chisankho, aphungu athu anabwera ndi galimoto zitatu. Anabwera ndi mlamu wawo, munthu wonenepa bwino wa mawu ofewa, mwini kampani ya makompyuta ya mu mzinda. Kuno tonse timangowatchula kuti Alamu. Ananena kuti boma lapereka ntchito ku kampani yawo yomanga sukulu za makompyuta m'midzi, ana aziphunzira ulere. Chimene chinkasowa ndi malo a m'mbali mwa msewu, pamene mapolo a magetsi angafike msanga. Inu mukudziwa kuti kuno malo ndi tiyi yekhayekha, munthu ukatambasula mwendo waponda za esiteti. Maso onse anagwera pamunda wanu.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Achimwene, monga eni mbumba, ndiwo ankatsogolera. Ine ndinali ndi mafunso ambiri, ndinawasunga m'mutu usiku wonse kuti ndisaiwale ngakhale limodzi. Ndinafunsa kuti, "Nanga sukuluyo ikadzatha, munda udzabwerera kwa mwana?"

Alamu anaseka mokoma. Anati, "Mayi, munaonapo sukulu itatha? Dothi ndi zakale izi. Masiku ano munda uli m'kompyuta. Mwana wanuyu azidzakolola atakhala pampando, nsapato zili kuphazi."

Ndinafunsanso chifukwa chake malowo ayenera kulembedwa m'dzina la kampani. Anati azungu othandiza salola kuika katundu wodula pamalo a mudzi. Achimwene anandigwira mkono, anati, "Achemwali, mafunso achuluka. Alendo angatenge mwayiwu kupita nawo ku Masambanjati."

Ndinakumbukira mawu anu a pa kalongonda. Munkati, "Kalongonda wa changu amapha. Ukaona munthu akukufulumizitsa kudya, yamba wafunsa ngati iye wadyako." Ndinatsala pang'ono kukana. Koma Tadala anaimirira. Anati, "Amayi, agogo anati mundawu ndi wanga. Ine ndikuupereka. Kapena mukufuna ndidzafe ndi dengu la tiyi kumsana ngati iwo?"

Musamukwiyire, amayi. Ananena akulira. Iye ndi amene ankakutikitani msana masiku otsiriza aja, anaona zipsera za zingwe za dengu pamapewa anu. Tinavomera tonse.

Kampani inati idzabweretsa malata, simenti ndi makompyuta, koma njerwa zikhale za eni mudzi, kuti tionetse kuti chitukukocho tikuchifunadi. Dothi la njerwa tikanalitenga kuti? Tinakumba pomwepo. Dothi lakuda lija, limene munalidyetsa manyowa a mbuzi moyo wanu wonse, tinalipalira pambali, mvula inalikokolola. Lofiira la pansi tinaliponda ndi mapazi athu, tikuimba. Ine ndinatunga madzi mpaka khosi linauma. Nkhuni zowotchera uvuni zitachepa, anyamata anadula mtengo wa mapeyala. Tsiku limenelo sindinapiteko. Ndinangomva kugwa kwake ndili kunyumba, mbale zinagwedezeka pathandala.

Nyumba inamangidwa, yokongola ndithu, ya mawindo a magalasi. Tsiku lotsegulira kunabwera anthu osaneneka. Gule wa tchopa anavinidwa mpaka fumbi linaphimba dzuwa. Makompyuta anawandandalika pamatebulo, iliyonse ili ndi galasi lake ngati wailesi ya kanema, ndi bokosi lakuda pansi pake. Tadala anandinong'oneza kuti nzeru zake zonse zimakhala m'bokosimo. Magetsi anali asanafike, choncho analiza jenereta n'kuyatsa imodzi yokha ya kutsogolo. Anamukhazika Tadala pampando, aphungu anaika dzanja paphewa pake, ojambula anajambula. Anamuuza kuti aike zala pamabatani koma asadine chilichonse. Mwana anamwetulira ngati tsiku la ukwati. Ine ndinalira, ndinati mwina amayi atikhululukira.

Alendo atapita, anati tidikire magetsi. Tinadikira.

Mukundidziwa mtima wanga, chinthu chikakhala pafumbi sindipeza mtendere. Ndinapempha a komiti ya sukuluyo kuti ndizisesamo Loweruka lililonse ndikaweruka, anandipatsa kiyi. Nditaona kuti chinyezi cha kuno chingawononge katundu, ndinatsegula sutikesi yanu. Ndinatenga zitenje zanu ziwiri za maluwa achikasu, zimene munkasungira ulendo wa ku tchalitchi, ndinazidula bwinobwino, ndinapinda m'mphepete ndi singano, ndinasoka zovundikira. Kompyuta iliyonse inavala yake. Ndinkati potero nanunso muli nawo m'sukulu ya mdzukulu wanu.

Loweruka lina kunabwera anyamata awiri a kampani, atavala malaya ofanana. Anali aulemu kwambiri. Anati, "Mami, tabwera kudzazikonzeratu kuti magetsi akangofika ana ayambe tsiku lomwelo. Koma ntchito yake siifuna fumbi, titseka chitseko." Wina anati, "Komanso chichokereni m'tauni sitinalawe kanthu." Amayi, ndinathamanga kunyumba kukawaphikira chinangwa. Ndinawapangira tiyi wa mkaka, mkaka wochita kukapempha kwa Janeti. Anadya, anayamika, anati chinangwa cha ku Thyolo n'chosiyana ndi china chilichonse. Pochoka ananyamula kachikwama kamodzi kokha ka kumsana. Ndinawaonjezera nanazi kuti akadye panjira.

Panapita miyezi. Tsiku lina ndikusesa ndi Tadala, tinamva kulira kwa tinthu, tswii tswii, kuchokera m'bokosi lina. Ndinati mwina ndi mmene zimalirira zikafuna magetsi. Tadala anagwada, anamvetsera, anatenga mpeni n'kumasula tizitsulo ta m'mbali. Chivundikiro chitachoka tinaona mawaya ali lendelende, osalumikizika kulikonse. M'katimo munalibe kanthu. Pakona panali chisa cha khoswe, tiana tofiira topanda ubweya tili piringupiringu pa tizidutswa ta chitenje chanu.

Tinatsegula lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Onse anali makoko, ngati nandolo amene anankafumbwe anamaliza kale.

Tadala anayamba kuseka. Anati, "Amayi, musadandaule, sukulu yatsegulidwa. Ophunzira oyamba ndi awa, agonera pompano." Anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti. Kenako kuseka kuja kunasanduka china chimene sindifuna kuchikumbukira. Ndinamukumbatira monga munkandichitira ine.

M'mawa mwake tinakweza bokosi limodzi pa kabaza kupita nalo pa Khonjeni kwa a Layitoni, okonza mafoni aja amene anaphunzira ntchito ku Limbe. Anasuzumiramo kamodzi kokha, anaimba mluzu. Anati, "Mayi, mbuzi yanu anaichotsa chiwindi ndi mtima, akusiyirani chikopa."

Ndinawapempha kuti andifotokozere pang'onopang'ono, monga kwa munthu wa Sitandade 6. Anati m'bokosimo mumakhala tizipangizo tating'ono, tina kukula kwake ngati chipeso cha m'thumba, ndipo n'timene timasunga nzeru. Anati masiku ano tinthu timeneti takwera mtengo dziko lonse, chifukwa makampani akuluakulu a kunja akugula tonse kuti amangire makina awo oyankhula ngati anthu, ndipo opanga ake aona kuti kusowa kwake n'kumene kukuwalemeretsa. Choncho ngakhale takale, tochotsa m'makompyuta otha ntchito, tikafika m'tauni timagulidwa tsiku lomwelo. Anatembenuza bokosi lija, anandionetsa pamene panali pepala lomatidwa lochita kupalidwa ndi lezala. Anati, "Izinso si zatsopano. Zinagwira kale ntchito m'maofesi a kunja, anazitaya. Boma analiuza kuti agula zatsopano, inu anakupatsani zakale, kenako anabweranso kudzatenga chimene chinatsalamo. Mbuzi imodzi aidya katatu."

Ndinafunsa kuti, "Nanga makampani a kunjawo akudziwa kuti kuno kuli mwana dzina lake Tadala?"

A Layitoni anati, "Mayi, amene amamwa tiyi wanu kunjako amakudziwani dzina?"

Sindinamvetse zonse, amayi, koma chimenecho ndinachimva. Tiyi wabwino amakwera galimoto, ife timamwa fumbi lake. Ndimayesa kuti ndi tiyi yekha. Kani ndi mmene dziko lonse analikonzera.

Tinawauza achimwene. Anakwiya kwambiri, anamenya khasu pansi, anati apita okha kwa aphungu ndipo sabwerako opanda yankho. Anavala jekete lawo la ku maliro, anapita. Anabwerako madzulo ali ndi foni yatsopano m'thumba la malaya. Sanandiyang'ane kumaso. Anati, "Achemwali, nkhaniyi ndi yaikulu, si ya ife. Akuti akufufuza. Koma mwina akuba ndi a konkuno. Kodi kiyi amasunga ndani?"

Ndinati, "Achimwene, mukunena ine?"

Anati, "Sindikunena ine, akunena ndi iwowo. Ndawapempha kuti asapite nazo kupolisi. Inu mungokhala chete, basi zithera pomwepo."

Kiyi ndinabweza tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo ndikamva galimoto ikuima kumsewu, ndimayesa ndi apolisi. Ndimabwereza m'mutu zimene ndingakanene: tsiku limene anyamata aja anabwera, malaya amene anavala, chinangwa chimene anadya. Koma angandikhulupirire ndani, munthu amene ngakhale makina a kuntchito amati kulibe?

Patangopita masabata ochepa kunabwera lole, inanyamula makoko onse aja pamodzi ndi zovundikira zake. Anati akupita nawo kukakonza. Kenako mayi wina wa kwaya yathu, amene mwana wake anakwatiwa cha ku Masambanjati, anandionetsa chithunzi pafoni. Kumeneko nakonso ankatsegulira sukulu ya makompyuta. Aphungu anaimirira chimodzimodzi, dzanja lili paphewa la mtsikana wina womwetulira. Kumbuyo kwawo, pamatebulo, ndinaona maluwa achikasu. Zitenje zanu, amayi. Ndinazindikira ngakhale msoko wanga. Ndinafunsa kuti malo anapereka ndani kumeneko. Anati mayi wina wamasiye, anapereka dimba lake.

Chisankho chinachitika, aphungu aja anagwa. Anthu anavina usana wonse, anati tsopano akuba aona polekera. Ine ndinayamba kuyembekeza pang'ono, ndinayamba kukonza mawu okanena kwa aphungu atsopano. Atabwera kudzathokoza anthu pabwalo la sukulu ya pulayimale, ndinapita m'mamawa kuti ndikhale kutsogolo. Chitseko cha galimoto yawo chitatseguka, woyamba kutsika anali Alamu. Anangosintha mtundu wa malaya. Anandiona, anandiweyulira dzanja mwansangala, anati, "Mayi athu a chitukuko, muli bwanji?" Ndinayankha kuti ndili bwino. Ndinachita kugwada poyankha, amayi. Miyendo inagwada yokha.

Lero munda wanu wazunguliridwa ndi waya. Magetsi anafika ndithu. M'nyumba imene tinaumbira njerwa, kampani ija ikugulitsiramo mafoni a ngongole, amene amadzitseka okha munthu akalephera kulipira. Anthu a kuesiteti amadzazana pamenepo tsiku la malipiro. Kumbuyo kwake kuli dzenje limene tinakumba dothi, ladzaza madzi obiriwira ndi udzudzu. Pachipata pali mlonda wa yunifolomu ndi chibonga. Mlondayo ndi achimwene a Bonifasi.

Musawatemberere. Ali ndi ana asanu, ndipo kuesiteti anawachotsa atabweretsa makina odulira tiyi. Tsiku lina ndinaima pawaya kuyang'ana chitsa cha mapeyala, chimene chayamba kuphukira timasamba. Anabwera pang'onopang'ono, anati, "Achemwali, musaime pamenepa, abwana amaona pa kamera." Ndinati, "Ndikungoona munda wa amayi." Anati, "Ndikudziwa. Inenso ndimauona tsiku lonse." Tinaima choncho, iwo mkati, ine kunja, mpaka kunabwera wogula.

Tadala anakhala miyezi osatuluka pakhomo. Anaonda. Ndinkaopa kumusiya yekha, ndinkabisa ngakhale mankhwala a mbewu. Mvula itayandikira, kuesiteti anayamba kulemba anthu a ganyu ya dzinja, iye anakalembetsa osandiuza. Lolemba lapitali ndikudzuka ndinamupeza wavala kale, wamanga pulasitiki m'chiuno. Anali atatsitsa dengu lanu pamwamba pa mtanda pamene ndinalipachika chimwalirireni inu. Anasoka chingwe chimene chinaduka. Ndinati, "Mwanawe, dikira kaye, mwina chaka chamawa." Anati, "Tiyeni amayi, tichedwa. Mundiphunzitse: masamba awiri ndi kansonga, eti?"

Tinayenda limodzi m'nkhungu, iye patsogolo. Dengulo limamukhala monga linkakukhalirani inu, lopendekera kumanzere.

Titafika pa kamakina kaja, ine ndinayamba. Kanakana, kanakananso, kanadzavomera kachitatu. Tadala anaikapo chala chake, kanalira nthawi yomweyo, kanayaka kobiriwira, dzina lake linaoneka pagalasi. Akapitawo anati, "Onani zala za kusukulu! Uyu makina amukonda." Tadala anayang'ana dzina lakelo kwa kanthawi. Kenako anandiyang'ana, anati, "Mwaona amayi, kompyuta ndaigwira." Ananyamula dengu, analowa mumzere wa tiyi.

Zala zake zikadali zosalala. Ndikudziwa kuti zaka zingapo zikubwerazi kamakinako kadzayamba kumukana nayenso.

Amayi, sindikuona kumene thandizo lingachokere. Ndikanama ndikati ndikuona. Opita kukadandaula amabwerako ndi foni, ogwa pachisankho amasiya alamu awo pampando, ndipo amene amayambitsa zonsezi ali kutali kumene ngakhale aphungu sangafikeko. Sindikupemphani kuti mutichitire kanthu. Munagwira ntchito yokwanira, pumulani. Ndimangofuna kuti mumve kwa ine, osati kwa wina amene angabwere kumeneko n'kukuuzani mokhotakhota.

Chinthu chimodzi chokha ndinapulumutsa. Tsiku lisanafike lodula mtengo, ndinathyola kalongonda wanu wouma, ndinasunga mbewu m'botolo ndi phulusa monga munkachitira. Ndimaitsegula kawirikawiri kuona ngati yafumbwa. Ili bwino. Pobzala ndilibe, pakhomo pano mukudziwa kuti ndi mwala. Ndaganiza kuti Loweruka likubwerali ndikaibzale kunja kwa waya, m'mbali mwa msewu, pamene pepala lawo la malo silinafike. Kalongonda safunsa mwini mpanda, amangoyanga. Mwina abwana adzalamula kuti azulidwe, ndipo wozula adzakhala achimwene. Akadzazula ndidzabzalanso. M'botolomo muli mbewu yokwana madzinja angapo, ndipo ina ndapatulira kamwana ka Janeti, kamene kali ndi dzina lanu koma kalibe dothi.

Ndikulonjeza kuti mbewu yanu siifera m'manja mwanga. Kumanda kwanu ndidzabwera kudzalambula udzu ukangokula. Mukaonana ndi agogo, muwauze pang'onopang'ono za mundawu, musawadzidzimutse.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,

Felesiya, make Tadala